Mkono ndi wanu, funsani musanadinde chala

Pa 8 Malichi 1992 kalata ya mabishopu a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse lino, ndipo palibe munthu wa msinkhu wanga amene angafune kuuzidwa zomwe zidatsatira. Kalatayo idasindikizidwa kuno ku Balaka, pa makina a azibambo a Montfort, ndipo pasanapite nthawi yaitali anthu okhulupirika ku chipani cholamula adabwera kudzayatsa moto nyumba ya makinawo. Ambiri timakumbukira mbali ya ndale ya kalata ija, za kumangidwa popanda mlandu ndi za kutsekedwa pakamwa. Timaiwala kuti mudalinso gawo lonena za zipatala: kuthithikana kwa odwala, kuchepa kwa madokotala ndi anamwino, ndi kukondera pothandiza anthu.

Ndakumbutsa izi chifukwa pa 14 Juni 1993 tidavotera matipate, pa 17 Meyi 1994 tidasankha boma latsopano, ndipo kuyambira pamenepo Mmalawi amatha kutsutsa mtsogoleri wa dziko pa wailesi masana dzuwa likuswa mtengo, madzulo n'kukagona kunyumba kwake. Koma Mmalawi yemweyo mukamuika pa benchi ya kuchipatala amasanduka wa 1975. Chipewa m'manja, maso pansi, yankho lake n'limodzi: "Chabwino adokotala." Akatuluka panja m'pamene amafunsa mlonda wa pageti kuti, kodi amati chiyani m'katimo?

Pali matenda ambiri amene ulemu wamanthawu ukupha nawo anthu, koma lero ndikufuna ndilankhule za impso, ndipo makamaka za kanthu kamodzi kamene sikalembedwa m'nyuzi: khomo limene magazi a wodwala amatulukira popita ku makina osefa magazi, n'kubwereranso m'thupi.

Tiyambe ndi impsozo. Munthu ali nazo ziwiri, iliyonse kukula kwake ngati chibakera chake chomwe, kumsana chakumunsi kwa nthiti. Pa tsiku limodzi zimasefa madzi a m'magazi okwana malita pafupifupi 180, kunena kwake ndowa 9 za malita 20, ndipo pa zonsezo zimataya lita imodzi kapena awiri ngati mkodzo, otsalawo n'kubwezera m'thupi. Vuto la impso ndi loti sizidandaula msanga. Zitha kuwonongeka kupitirira theka munthu akulima thonje bwinobwino ku Utale kapena ku Phalula, osamva kanthu. Mapazi ndi nkhope zikamayamba kutupa, chakudya osachifuna, nseru ndi kuyabwa thupi lonse, nthawi zambiri ndiye kuti madzi afika kale m'khosi.

Zimene zimapha impso sitichita kuziitanitsa kunja. Kafukufuku amene unduna wa zaumoyo udachita mogwirizana ndi bungwe la WHO mu 2009 adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka zedi sankadziwa n'komwe. Onjezani shuga. Onjezani kachilombo ka HIV, komanso mankhwala ena otalikitsa moyo monga tenofovir amene amafuna kuti impso ziziyezedwa. Onjezani likodzo, limene ife a m'mbali mwa Shire, Malombe, Chilwa ndi Chiuta tidalizolowera mpaka ena ankati mnyamata wokodza magazi ndiye wakula, pamene likodzo losachizidwa limatha kutseka njira za mkodzo impso n'kufa pang'onopang'ono. Ndiye pali Brufen ndi Indocid amene timagula pa okala n'kumamwa ngati mtedza msana ukawawa, ndi mabotolo a zitsamba a pamsika amene amati amatsuka m'thupi koma palibe amene akudziwa zimene zili m'katimo.

Impso zikalephereratu, munthu amakhala ndi moyo ndi makina, omwe amati dayalisisi, kapena ndi impso yopatsidwa ndi wina. Kuika impso ina kumachitikira kunja, ndipo ambiri amene adapeza mwayiwo adapita ku India. Makina osefa magazi adayamba kugwira ntchito pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, Kamuzu Central, mu 1998, chaka chomwe Balaka idapatuka ku Machinga n'kukhala boma palokha. Ku Queen Elizabeth mu Blantyre adayamba mu 2011. M'zipatala za boma chithandizochi salipiritsa, ndipo pamenepo tiyenera kuyamika, chifukwa m'maiko ambiri a mu Africa muno wopanda ndalama amangobwerera kukadikira imfa. Koma kwa munthu wa ku Ulongwe, ku Kankao kapena ku Ntaja, ulere umenewu uli pa mtunda wa makilomita opitirira 100, ndipo si ulendo wa kamodzi. Padziko lonse muyezo wake ndi katatu pa sabata, maola anayi nthawi iliyonse, kwa moyo wonse. Kumene makina ali ochepa amachepetsa n'kukhala kawiri. Ndiye ambiri amasiya munda ndi ana n'kukapempha pogona kwa abale ku Ndirande kapena ku Zingwangwa.

Tsopano tifike pa khomo lija. Makinawa amafuna magazi ambiri ndiponso othamanga, pafupifupi mamililita 300 pa mphindi iliyonse, ngati botolo limodzi la Fanta. Kamtsempha kamene namwino amabayapo diripi sikangapereke magazi otere, kamafwafwanizika. Choncho pamafunika kukonza njira yapadera, ndipo njira zake zilipo zitatu.

Yachangu ndi kapaipi, kamene amati katheta. Amakalowetsa mu mtsempha waukulu wa pakhosi, nthawi zina wa m'mphechepeche, ndipo ka pakhosiko nsonga yake imakafika pakhomo pa mtima penipeni, mbali ina ili panja. Tsiku lomwelo munthu amatha kulumikizidwa ku makina, ndipo kapaipika kapulumutsa anthu ambiri amene adafika ali kayakaya. Odwala amakakonda chifukwa sabayidwa singano. Koma taganizani bwino: ndi msewu wotseguka kuchokera ku fumbi la panja kukafika mumtima. Sikafuna kunyowa, ndiye kusamba kwa ndowa pamutu kwatha, za kumtsinje musatchule. Inu amene mumadziwa kutentha kwa Balaka mu Okutobala, thukuta lili chuchuchu mu minibasi ya ku Zalewa, mukhoza kuona nokha kuti bandeji ya pakhosi imafika bwanji ku Blantyre. Tizilombo tikalowa timapita m'magazi mwachindunji, munthu n'kuyamba kunjenjemera ali pa makina, ndipo ena amafa ndi zimenezi, osati ndi impso. Kapaipika kamatsekekanso, ndipo kakakhalitsa kamapanikiza mtsempha waukulu uja mpaka kuwononga mwayi wokonza njira ina pa mkono wa mbali imeneyo.

Njira yachiwiri ndiyo imene madokotala ambiri amaiyamikira. Dokotala wa opaleshoni amang'amba pang'ono pa mkono, kawirikawiri pafupi ndi pomangira wotchi kapena pa chigongono, n'kulumikiza mtsempha wochokera kumtima ndi mtsempha wobwerera kumtima. Magazi amphamvu akayamba kudutsa mu mtsempha wofewa uja, umakula ndi kukhuthala mpaka kutha kupirira singano ziwiri zazikulu mlungu ndi mlungu kwa zaka. Palibe chachilendo chotsala m'thupi, khungu limapola, munthu amasamba monga kale, ndipo matenda olowera pamenepo ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi kapaipi. Luso limeneli si latsopano. Willem Kolff adapanga makina oyamba ku Netherlands mu 1943, nkhondo ili m'kati, koma ankasowa pobaya chifukwa ulendo uliwonse unkawononga mtsempha. Belding Scribner wa ku Seattle adayesa kapaipi kokhala kunja kwa mkono mu 1960. Kenako mu 1966, chaka chimene ife tinkalowa mu ulamuliro wa chipani chimodzi, madokotala a ku New York, James Cimino, Michael Brescia ndi Kenneth Appell, adalengeza za njira yolumikiza mitsemphayi. Chovuta chake n'chimodzi chachikulu: siigwira ntchito tsiku lomwelo. Imafuna masabata asanu ndi limodzi pang'ono pokha, kawirikawiri miyezi iwiri, itatu kapena kupitirira, kuti ikhwime.

Yachitatu ndi ya amene mitsempha yawo ndi yaing'ono kapena idawonongeka: amaika kapaipi kofewa kochita kupanga pansi pa khungu, kolumikiza mitsempha iwiri ija. Amati graft. Imakhwima msanga, pa masabata ochepa, koma imatsekeka kawirikawiri ndipo njodula.

Njira yachiwiri ija dzina lake ndi fistula, ndipo pamenepa m'pamene pagona nkhani. Kodi Mmalawi akamva mawu oti fistula amaganiza chiyani? Amaganiza za amayi amene adavulala pobereka n'kumangotuluka mkodzo osaleka, amene amakathandizidwa ku Bwaila. Ndi fistula yokhayo imene wailesi yatiphunzitsa kwa zaka zonsezi, ndipo yatiphunzitsa bwino. Mawuwa kwa madokotala amangotanthauza njira yolumikiza malo awiri a m'thupi, koma wodwala sadziwa zimenezo. Chimodzimodzi katheta: ambiri timadziwa ya mkodzo. Mlamu wanga wina, bambo wa ana asanu, atauzidwa pa chipatala china kuti akuyenera kupangidwa fistula, adayankha mwaulemu kuti akaganize kaye, ndipo atafika kunyumba adauza banja lonse kuti bola kufa kusiyana n'kupatsidwa matenda a amayi. Padatenga miyezi kuti wodwala mnzake amuonetse mkono wake n'kumugwiritsa pamene pamanjenjemera paja. Miyezi yonseyo adali ndi kapaipi pakhosi, ndipo adagonekedwa kawiri ndi kutentha thupi. Sadali mbuli ayi, amawerenga nyuzi ngati inuyo. Panalibe amene adakhala naye pansi kwa mphindi khumi m'chilankhulo chake.

Wina anena kuti nkhaniyi nja ku Blantyre ndi ku Lilongwe, kumene kuli makina. Ine ndikukana. Popeza fistula imafuna miyezi kuti ikhwime, chisankho chenicheni chimachitika munthu asanafike n'komwe pa makina. Amene wafika ku chipatala chachikulu atanyamulidwa, akupuma movutikira, alibe chosankha, ndi kapaipi basi. Ufulu wosankha uli ndi uja amene impso zake zidayezedwa chaka chapitacho, n'kuuzidwa kuti zikutha. Kuyeza kumeneko ndi kwa mkodzo ndi kwa magazi, kwa chinthu chotchedwa creatinine, ndipo malo ake ndi kuno: pa chipatala cha boma cha Balaka, pa cha Machinga chimene chili ku Liwonde, m'makiliniki a BP, shuga ndi ma ARV kumene anthu omwewa amabwera mwezi ndi mwezi. Munthu amene wakhala akulandira mankhwala a BP kwa zaka zisanu ali ndi ufulu wofunsa kuti, kodi impso zanga mudaziyeza liti, ndipo zotsatira zake mwalemba pati m'kabuku kanga?

Palinso china chimene chimapweteka mtima chifukwa sichifuna ndalama ngakhale tambala. Mitsempha ya pa mkono ndi chuma cha wodwala impso. Kanula aliyense wobayidwa pakati pa mkono kapena pa chigongono amasiya chipsera m'kati mwa mtsempha, ndipo mtsempha wa zipsera sukhala fistula yabwino. Kumene amadziwa, munthu akangopezeka kuti impso zake zikufooka amamuuza kuti asunge mkono umene sagwiritsa ntchito kwambiri, wamanzere kwa ambirife, ndipo magazi azitengedwa kuseri kwa chikhatho. Ndi chiganizo chimodzi chokha chimene a kilinikala akhoza kulemba ndi zilembo zazikulu pachikuto cha kabuku ka kuchipatala. Popanda chiganizo chimenecho, wodwala amazungulira zipatala chaka chathunthu akubayidwa paliponse, pokafika kwa dokotala wa opaleshoni mitsempha idatha kale.

Sindikunena kuti fistula ndi yankho la aliyense. Ena sakhwima ngakhale mutadikira motani, opaleshoni n'kubwerezedwa. Ena amatupa n'kuoneka ngati njoka pansi pa khungu, ndipo mtsikana wa zaka 20 ali ndi chifukwa chomveka chodera nkhawa. Kwa ena, makamaka a shuga ndi okalamba, dzanja limazizira ndi kuchita dzanzi chifukwa magazi apatukira njira ina. Singano zake n'zazikulu ndipo zimawawa. Wamtima wofooka akhoza kulemedwa nayo. Ngakhale ku America, kumene kuyambira 2003 ankalalikira kuti fistula patsogolo, malangizo awo a 2019 adafewetsa mawu n'kunena kuti njira isankhidwe poona munthuyo, msinkhu wake, mitsempha yake ndi moyo umene akufuna kukhala. Ndiye mfundo yanga yomweyo. Mlimi amene moyo wake uli pa khasu, telala, woyendetsa kabaza, mayi wosenza ndowa kuchokera pa mjigo, onsewa ayenera kufunsidwa kuti mkono wawo umagwira ntchito yanji mpeni usanafike. Dokotala amadziwa mitsempha, koma sadziwa kuti kwanu kumjigo n'kutali bwanji mukapanda kumuuza.

Anamwino ndi madokotala athu sindikuwaimba mlandu wa nkhanza. Sukulu ya udokotala idatsegulidwa mu Blantyre mu 1991, ndipo kufikira pamenepo dziko lino, lolamulidwa ndi dokotala kwa zaka zonse zija, linalibe pophunzitsira madokotala akeake. Akatswiri a impso ndi odziwa kulumikiza mitsempha akadali ochepa, ndipo namwino amene ali ndi mzere wofika panja sangakhale ndi aliyense theka la ola. Zonsezi n'zoona. Koma kutanganidwa sikufotokoza chifukwa chimene fomu yovomereza opaleshoni imabwera kwa munthu ngati samoni ya kukhoti, cholembera chili kale m'manja, chala chikulozedwa pamzere. Kalembera wa 2018 adaonetsa kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu sadziwa kulemba ndi kuwerenga. Kuno ku Balaka ndi ku Machinga, gogo wa ku Chikweo kapena ku Kalembo amaganiza ndi kulota m'Chiyao, Chichewa n'chongogulira pamsika. Kudinditsa munthu wotere chala pa pepala limene sadalimve si chilolezo. Tidaona m'zaka zija kuti chala chimadindidwa pa zinthu zambiri mwini wake asakufuna.

Malamulo aakulu a dziko lino, amene tidawapeza pambuyo pa referendamu, amateteza ulemu wa munthu pa gawo 19, ndipo pa gawo 37 amapatsa aliyense ufulu wodziwa zimene boma ndi nthambi zake zikusunga ngati zikukhudza ufulu wake. Lamulo lothandiza kuti zimenezi zitheke lidadutsa ku nyumba ya malamulo mu 2016 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2020. Atolankhani tidalimenyera nkhondo poganiza za mafailo a ku Capital Hill. Ine ndikuti failo yoyamba imene nzika iyenera kuloledwa kuimvetsa ndi ya thupi lake.

Ndikudziwa kuti ena mukuti, makina ndi ochepa, ambiri sawafikira n'komwe, nanga kukamba za kusankha mkono si kukangana za ndiwo m'nyumba yopanda ufa? Funsoli n'lolemera. Ngakhale ku South Africa, kumene anyamata athu a ku Machinga ndi Mangochi amathamangira, makinawa sakwanira. Mu 1997 Thiagraj Soobramoney wa ku Durban adakasuma mpaka ku khoti lalikulu loona za malamulo a dziko atakanizidwa dayalisisi pa chipatala cha boma, khoti lidagamula kuti boma silingakakamizidwe kupereka chimene lilibe, ndipo adamwalira patangopita masiku ochepa. Koma kuchepa kwa makinako n'kumene kukuchititsa kuti nkhaniyi ikhale yofunika. Mpando uliwonse wa pa makina ndi wamtengo wapatali, wolipiridwa ndi msonkho wa tonsefe. Kupatsa munthu mpandowo kenako n'kumutaya ndi matenda olowera pa kapaipi, pamene akadatha kukhala zaka ndi fistula, ndi kutaya moyo ndi ndalama pamodzi. Komanso kuyeza koyambirira kuja kumapulumutsa ena kuti asafike n'komwe pa makina, chifukwa BP ndi shuga zikagwiridwa bwino impso zimachedwa kutha.

Kwa inu abale amene mudabwerako ku Lusaka, ku Dar es Salaam, ku Harare ndi ku London, ndili ndi pempho. Ambiri mwa inu mudaona kumene wodwala amapatsidwa kapepala ka zithunzi, amaonetsedwa mkono wa wodwala mnzake, amapita kunyumba kukaganiza n'kubwera ndi mafunso olemba. Mumatisimbira zimenezi pa maliro ndi pa maukwati, nthawi zina mpaka kutitopetsa. Ena mwa inu mudali anamwino kumeneko. Musangotiuza kuti ku Britain sizichitika chonchi. Khalani pansi ndi a zaumoyo, lembani tsamba limodzi m'Chichewa ndi m'Chiyao, la zithunzi, lofotokoza njira zitatuzi. Makina osindikizira alipo pa Balaka pompano, Luntha TV ili pompano, ndipo mashehe ndi abusa sakana kupereka mphindi zisanu pambuyo pa mapemphero. Ndipo mukaperekeza m'bale wanu kuchipatala, musamulankhulire Chingerezi pamwamba pa mutu wake ngati iye ndi katundu. Tanthauzirani, kenako khalani chete ayankhe yekha. Izi zipitenso kwa amalume ndi eni mbumba: kukambirana pabanja n'kwabwino, koma mkono umene udzabayidwe sabata iliyonse ndi wa mlongo wanuyo.

Amene muli kale ndi fistula, kapena mukusamala wina amene ali nayo, zofunika kudziwa n'zochepa koma musaziiwale. M'mawa uliwonse ikani zala pamenepo, muzimva kunjenjemera ngati mphaka akamaliza kukhuta. Kukasiya, musadikire tsiku lanu la makina, nyamukani tsiku lomwelo, chifukwa fistula yotsekeka imapulumutsidwa ikafulumiriridwa. Mkono umenewo asayezerepo BP, asatengepo magazi, asaikepo diripi, ndipo namwino amene sakukudziwani akautenga, kanani mwaulemu koma molimba. Musaugonere, musamangepo wotchi, chibangili kapena chithumwa chothina, musakolekepo chikwama cholemera. Pakatuluka magazi, dinikizani ndi nsalu yoyera mwamphamvu osasiya, wina akasake galimoto. Wa kapaipi akamva kuzizidwa kapena kutentha thupi asangoti ndi malungo n'kugula LA pa golosale, apite kuchipatala akanene kuti ali ndi kapaipi pakhosi.

Makhansala ndi aphungu athu a Balaka ndi Machinga amakonda kutsegulira zipata ndi kudula maliboni. Pa msonkhano wa khonsolo ukubwerawu wina aimirire afunse mkulu wa zaumoyo m'boma kuti ndi odwala BP ndi shuga angati amene adayezedwa impso chaka chatha, ndi miyezi ingati imene labotale idakhala ndi mankhwala oyezera creatinine, ndipo munthu akapezeka kuti impso zikutha, kalata yomutumiza ku Zomba kapena ku Blantyre imatenga masiku angati. Mayankhowo alembedwe m'maminitsi, ndipo tsamba lino lidzawasindikiza.